Kudzola Khungu la Mnzako: Simoni, Makala ndi Masewero a Makono

Aliyense amene anakhalako nyengo ya chilimwe m'dziko la Inkosi Zulu, kuno ku Mchinji, kumene msewu wochokera ku Lilongwe umatsala pang'ono kuoloka malire a Mwami kulowa ku Chipata, akudziwa kuti anthu a kuno, ngakhale amalima fodya, mtedza ndi chimanga monga anzawo onse, ali ndi chuma china chimene sichilowa m'nkhokwe, ndicho magule awiri aakulu amene akhala moyandikana zaka zoposa 100 popanda wina kumeza mnzake: ingoma ya Angoni, pamene amuna amaponda nthaka atagwira zishango ndi zibonga, amayi akuomba m'manja, ndi Gule Wamkulu wa Achewa, pamene mbalule ikalira zilombo zimatuluka zitavala nthenga, nsanza ndi nkhope zosema. Anthu otere sasowa mlendo wowaphunzitsa za kuvala maonekedwe a wina, pakuti anabadwira momwemo. Komatu ana awo, amene masiku ano amagona foni ili kumutu kwa mphasa, akumana ndi mlandu wochokera kutali umene ukufuna kuti akulu aumve, ndipo mlanduwo ndi uwu: kodi n'koyenera kuti munthu, pofuna kufanana ndi wina m'sewero, adzole utoto kuti khungu lake lide kapena liyere monga la mtundu wina wa anthu?

Ku Japan, ku America ndi ku Ulaya kuli chizolowezi chimene eni ake amachitcha cosplay, chimene chinafala kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Anyamata ndi atsikana, ngakhalenso akuluakulu a imvi, amasankha ngwazi ya m'kanema, ya m'mabuku a zithunzi kapena ya m'masewero a pa kompyuta, nakhala miyezi akusoka malaya ake, akusema zida zake, akuluka tsitsi lake, kufikira tsiku la msonkhano, pamene amaonekera pamaso pa khamu atasanduka munthu uja, nayenda mayendedwe ake. Chizolowezichi chinafika ndi kuno ku Africa, ndipo mu 2018, chaka chomwe kanema wa Black Panther anakokera anthu miyandamiyanda m'nyumba zoonetsera kanema, msonkhano wa Comic Con Africa unachitika koyamba ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mzinda umene abale athu ambiri amakafunako ntchito. Pa kusoka ndi kusema kumeneku palibe choipa, ndipo ndi luso loyenera ulemu. Mkangano unabuka pa khungu. Mu Okutobala 2019 akuluakulu a mpikisano wa EuroCosplay ku London anakaniza mtsikana wina wa ku France, amene anali atapambana kwawo, kuonekera ndi chovala cha Pyke, munthu wakuda wa m'masewero a League of Legends, chifukwa chovalacho chinaphimba nkhope ndi thupi lake ndi khungu lakuda lochita kupanga. Mtsikanayo anati anachita zimenezi mwa chikondi, osafuna kunyoza munthu aliyense. Ambiri anamuikira kumbuyo, ndipo ambirinso, makamaka achinyamata akuda amene amachita nawo masewerowa, anati akuluakulu aja anaweruza bwino.

Ine ndikhulupirira kuti mtsikanayo ananena zoona za mtima wake, ndipo ndikhulupiriranso kuti amene anamukaniza sanalakwe. Pakuti munthu akaponda pachilonda cha mnzake, ululu sudikira kufunsa ngati anaponda dala. Chilonda chimenechi n'chakale ndithu. Cha m'ma 1830, pamene anthu akuda mamiliyoni anali akadali akapolo m'minda ya thonje ku America, mzungu wina dzina lake Thomas Dartmouth Rice anayamba kudzola nkhope yake ndi mwaye, navala nsanza, navina motsimphina, nalankhula mokhotetsa lilime monga amati akapolo amalankhulira, nadzitcha Jim Crow. Ndipo azungu anzake anaseka nalipira ndalama, kotero kuti magulu ambiri anatsata mapazi ake, ndipo masewero otere anakhala chisangalalo chachikulu cha dziko lonselo kwa zaka makumimakumi. Munthu wakuda wa m'masewero amenewo anali waulesi, wamantha, wakuba nkhuku, wa milomo yojambulidwa mokulitsa, wokondwa ndi ukapolo wake. Ndipo ana amene anakula akuseka chithunzi chimenechi ndiwo anadzakhala oweruza milandu, aphunzitsi ndi apolisi. Ukapolo utatha mu 1865, malamulo amene analekanitsa akuda ndi oyera m'masukulu, m'masitima ndi m'malo odyera anadziwika ndi dzina lomwelo la Jim Crow. M'busa John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia kufikira anabwerera kwawo mu 1900, anakhala pansi pa malamulo amenewa, nawaona ndi maso ake. Ndipo mu 1915, chaka chomwe iye anaphedwa, ku America kunatuluka kanema wa The Birth of a Nation, mmene azungu odzola nkhope anasewera ngati anthu akuda olusa, ndipo a Ku Klux Klan anaonetsedwa ngati apulumutsi.

Asaganize wina kuti zimenezi zinatha kalekale. Wailesi ya kanema ya BBC inaulutsa The Black and White Minstrel Show kuyambira 1958 mpaka 1978, pamene dziko lathu linali litadzilamulira kale zaka 14. Ku Netherlands mkangano wa Zwarte Piet, wantchito wa nkhope yodetsedwa amene amaperekeza Sinterklaas m'mwezi wa Disembala, wagawa mabanja ndi mizinda m'zaka zaposachedwa. Justin Trudeau, ali nduna yaikulu ya Canada, anapepesa mu 2019 zitatuluka zithunzi zake za mu 2001 atadzidetsa nkhope paphwando. Ndipo mu Febuluwale 2018 wailesi ya kanema ya boma la China, pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Chitchaina chimene anthu mamiliyoni ambiri amaonera, inaonetsa mayi wa Chitchaina atadzola nkhope nadziunjika nsalu kumbuyo kuti aoneke ngati mayi wa ku Africa, m'sewero lotamanda njanji ya ku Kenya.

Tsono apa mkulu wina wa pabwalo, amene wamva zonsezi modekha, angakweze dzanja nati: "Zamveka, koma nanga Simoni? Kodi ife sititulutsa chilombo cha nkhope yofiira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi kuseka mpaka nthiti kuwawa? Ngati iwo alakwa potidetsa, ife tikhala bwanji osalakwa powafiiritsa?" Funsoli n'lolemera, ndipo amene angalithawe sayenera kukhala pa mlanduwu. Za kudambwe sindidzalankhula, pakuti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ndidzanena zokhazo zimene mayi ndi mwana amaona ndi maso pabwalo, ndi zimene zinalembedwa kale m'mbiri.

Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndi ku Kachebere, m'boma lathu lino, mu 1903. A Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889. Onsewa anaona Nyau ngati mdani wa sukulu ndi wa ubatizo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula kotero kuti amishoni anapempha boma la atsamunda kuti liletse guleyo. Mchewa wa nthawi imeneyo analibe nyuzipepala, analibe mpando ku Zomba, analibe mfuti. Msonkho wa nyumba unali pakhosi pake, ndipo ana ake amauzidwa kuti mizimu ya makolo awo ndi ziwanda. Chimene anali nacho chinali bwalo. Pamenepo anatenga maina amene anamva kutchalitchi, Simoni, Maliya, Yosefe, nawapatsa nkhope, nawavinitsa pakati pa Chadzunda ndi Kasiyamaliro, monga anachitira kale ndi ogula akapolo, ndi monga anadzachitira pambuyo pake ndi bwana wa boma, galimoto ndi helikopita. Chilichonse champhamvu chimene chinalowa m'mudzi osagogoda, gule anachigwira nachiika pansi pa ng'oma, kuti anthu achione, achiyeze, achiseke, ndipo mantha awachepere. Kuseka kwa Jim Crow kunali kwa mwini chikoti kuseka wokwapulidwa, ndipo kunathandiza kuti chikoticho chipitirire. Kuseka kwa Simoni kunali kwa wokwapulidwa, ndipo palibe mzungu ndi mmodzi yemwe amene anamanidwa sukulu, munda kapena chilungamo m'khoti chifukwa cha nkhope yofiira ya pabwalo la m'mudzi. Kufanizitsa ziwirizi ngati zolemera mofanana ndiko kuiwala kuti ndani anali pamwamba ndipo ndani anali pansi.

Palinso china chozama. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, amene anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976 nasonkhanitsa nkhope zoposa 400 m'nyumba ya Chamare, anathera zaka zambiri akufunsa eni gule tanthauzo la chilombo chilichonse; ndipo chimene chimaonekera m'ntchito yake n'chakuti mwambi wa chilombo, ngakhale nkhope ikhale ya mlendo, kawirikawiri umabwerera kwa eni mudzi. Chilombo cha nkhope yachilendo chimadzudzula mkamwini wodzikuza, mnyamata wobwera kutauni amene salonjeranso akulu, mwamuna wachiwerewere wobweretsa matenda m'nyumba, mfumu yogulitsa malo a anthu ake. Amayi amene amaimba ndi kuseka amadziwa bwino lomwe kuti akunenedwa ndani, ndipo nthawi zambiri wonenedwayo amakhala ali pomwepo, ataweramitsa mutu. Chotero Simoni sanabwere kudzaphunzitsa ana kuti azungu onse ndi zitsiru. Anabwera kudzachenjeza Mchewa za Uchewa wake. Ndipo kufiira kwake si khungu la munthu aliyense wobadwa ndi mkazi, koma ndi chizindikiro, monga kulili kuyera kwa phulusa ndi kuda kwa matope pa thupi la Kang'wingwi, zimene sizinena za mtundu wa anthu, koma za kumanda kumene chilombocho chachokera. Pa chifukwa chimenechi bungwe la UNESCO, pamene linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu onse, silinalemekeze chipongwe, koma sukulu ya mwambo.

Pano mpamene wachinyamata wokonda cosplay angapeze malire ake mosavuta. Afuna kukhala mzukwa, chiwanda cha m'nthano, munthu wa kumwezi wa khungu lobiriwira, kapena nyama ya mawanga? Adzole monga afunira, pakuti palibe mayi amene adzalire kuti mwana wake wanyozedwa. Koma pamene utoto ulinga kufanizira khungu limene anthu enieni amabadwa nalo, amayenda nalo kumsika, amakanidwa nalo ntchito, pamenepo dzanja liyambe laima.

Phunziro lina, limene ndiliona lokoma koposa, lili pakhomo pathu pomwe, m'mbiri ya Angoni a kwa Zulu. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ali ndi khamu limene linali kale losakanikirana. Ndipo mwana wake Mpezeni, pamene anadzakhazikika m'dera la Chipata cha m'ma 1870, anthu ake ambiri sanali obadwa kumwera, koma Ansenga, Achewa ndi ena ogwidwa m'njira, amene analeredwa m'midzi ya Angoni, nalowa m'magulu a nkhondo, naphunzira kugwira chishango ndi kuponda ingoma. Sitibisa kuti kulowa kumeneku kunali kwa nkhondo ndi misozi. Koma taonani chimene chinatsatira: asilikali a Angerezi atathyola mphamvu ya Mpezeni mu Januwale 1898, namupha Nsingo mwana wake, ndipo malire atadula dziko limodzi pakati, ena kutsala ku Fort Jameson, Chipata wa lero, ena ku Fort Manning, Mchinji wa lero, pansi pa mafumu monga Zulu ndi Mlonyeni, chilankhulo cha makolo chinazilala, magazi anasakanikirana kotheratu, koma Ungoni sunafe. Mwambo wa Ncwala, umene unaukitsidwa mu 1980, umasonkhanitsa anthu ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale chaka ndi chaka, ndipo a kuno amaoloka malire kukaponda nawo. Kodi Mngoni amadziwika ndi chiyani pabwalo limenelo? Ndi chikopa cha nyama m'chiuno, nthenga kumutu, mangenjeza m'miyendo, kaimidwe ka msana, ndi kugunda kwa phazi pa nthawi yake. Wina ndi wakuda bii, wina ndi wofiirira, ndipo palibe amene amayang'ana zimenezo. Ngati mtundu wathunthu wa anthu ungadziwike ndi zovala, zida ndi mayendedwe, kuli bwanji ngwazi imodzi ya m'kanema? Mtsikana wa ku France akadavala zida za Pyke, nsalu yake ya kukamwa ndi mpeni wake, nkhope ili yakeyake, aliyense wodziwa masewerowo akadamuzindikira. Ndipo mwana wa ku Mchinji wofuna kukhala Superman asowa nsalu yofiira kumsana ndi chilembo pachifuwa, sasowa ufa kumaso.

M'buku la Genesis muli nkhani imene imandibwerera ndikaganiza za mlanduwu. Rebeka, pofuna kuti Yakobo alandire mdalitso wa mkulu wake, sanakhutire ndi kumuveka zovala za Esau, koma anatenganso zikopa za ana a mbuzi namukulunga m'manja ndi m'khosi, kuti atate wake wakhungu pomukhudza amuyese mwana waubweya uja. Yakobo anavala khungu la mbale wake kwa ola limodzi, natenga chokoma chake, nalivula. Esau anatsala nalo moyo wake wonse, pamodzi ndi kulira kwake. Umu ndimo mulili kulakwa kwa kudzola khungu la mnzako, ngakhale mtima ukhale wopanda njiru: wodzolayo amatenga kukongola, kutchuka ndi mphoto, madzulo nasamba ndi sopo, nabwerera ku mtendere wake, koma mwini khungu, amene wapolisi wa ku Ulaya amamuimitsa panjira, amene mwini nyumba amamuuza kuti chipinda chatengedwa kale, alibe madzi omusambitsa. Mneneri Yeremiya anafunsa za Mkusi ndi khungu lake, ndi za nyalugwe ndi mawanga ake, podziwa kuti yankho n'lodziwika kwa aliyense.

Koma ndikadalekeza pamenepa ndikadakhala ngati anyani amene amasekana zikundu, pakuti ife eni khungu lakuda tili ndi mlandu wathu, ndipo ndi umene wandikakamiza kulemba. Ndaona, ndipo owerenga ambiri aonanso, masewero a achinyamata m'matchalitchi ndi m'masukulu athu pa nyengo ya Khirisimasi ndi ya Pasaka. Mngelo amavekedwa nsalu yoyera, ndipo nthawi zina amapakidwa ufa kapena choko kumaso. Satana amapakidwa makala osinja kapena mwaye wa kunsi kwa mphika kufikira maso okha ndiwo akuoneka. Mfiti, wakuba ndi chitsiru cha m'sewero nawonso amadetsedwa. Ndipo posankha osewera, si kawirikawiri kuti mwana wakuda kwambiri m'kalasi apatsidwe malo a Gabrieli kapena a Mariya. Anthu amaseka, makolo amaomba m'manja, ndipo palibe amene amafunsa chimene kamtsikana kakuda kokhala kutsogolo kaphunzira madzulo amenewo. Kaphunzira kuti nkhope yofanana ndi yake ndiyo nkhope ya woipayo. Palibe Thomas Rice amene anabwera kudzatikakamiza. Tinatola zithunzi za m'mabuku akale a ku Ulaya, mmene oyera mtima onse anali azungu, ndipo tikuzipitiriza ndi manja athu, m'nyumba ya Mulungu amene, monga timawerengera m'buku la Numeri, anakwiyira Miriamu ndi Aroni pamene ananena Mose chifukwa cha mkazi wake Mkusi. Ichi chimandiwawa koposa zonse za ku London ndi za ku Netherlands, chifukwa awo ndi alendo, koma awa ndi ana athu.

Ndipo zipatso zake zili m'misika, m'timabotolo ndi m'timachubu ta mafuta oyeretsa khungu, amene ambiri mwa iwo muli mankhwala a hydroquinone, mercury kapena steroid. Madokotala amachenjeza kuti mankhwala amenewa amapyapyalitsa khungu, amasiya zigamba zakuda zosachoka m'masaya, ndipo mercury amaononga impso. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafuta otere m'masitolo kumapeto kwa 2018. Mlongo wathu amene amadzola mafutawa sindimuweruza, pakuti sanadzuke tsiku limodzi n'kudana ndi nkhope yake; anauzidwa pang'onopang'ono, ndi anyamata a pamsewu, ndi nyimbo, ndi azakhali oyamikira mwana wobadwa woyererako, ndiponso ndi sewero lija la ku tchalitchi.

Pali abale ena amene ufa wa kumaso umawalasa mwa njira ina, ndiwo anthu achialubino. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lathu linachita manyazi pamaso pa maiko onse chifukwa cha kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu amenewa, ndi kufukulidwa kwa manda awo, zonsezo chifukwa cha bodza lakuti m'mafupa mwawo muli chuma. Bungwe lawo la APAM lakhala likulira kuti aonedwe monga anthu, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'mbiri ya Malawi. M'dziko lotere, wanthabwala amene adzipaka ufa natsinzinira maso kuti anthu aseke mwalubino sangabisale kumbuyo kwa Simoni, pakuti iye ali kumbali ya ambiri ndi amphamvu, ndipo amene akumusekayo amagona ndi mantha. Muyeso umene tayezera Jim Crow utiyeze nafenso. Ndipo ukhudzanso Mmwenye wa sitolo, Mtchaina, ndi wothawa nkhondo wa ku Dzaleka, pamene tiwasewera osati pofuna kudzudzula khalidwe, koma pofuna kuseka mphuno, maso ndi kalankhulidwe.

Foni yasintha zinthu m'njira imene makolo sanaiganizire. Kale kuseka kwa pabwalo kumathera pabwalo, pakati pa anthu odziwana, odziwa nyimbo ndi mwambi wake. Lero kamphindi kamodzi kojambulidwa kamafika kutsidya kwa nyanja dzuwa lisanalowe, kopanda nyimbo, kopanda mwambi, ndipo kamagulitsidwa. Mu Juni 2022 atolankhani a BBC Africa Eye, Runako Celina ndi Henry Mhango, anaulula za Lu Ke, nzika ya China imene inkajambula ana a ku Njewa, pafupi ndi Lilongwe, ikuwanenetsa mawu a Chitchaina amene iwo sankawamva, ena mwa iwo odzinyoza okha chifukwa cha khungu lawo, ndi kugulitsa makanemawo kwawo. Munthuyo anathawa, nagwidwa ku Chipata, tsidya lija la malire athu, nabwezedwa ku Malawi, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa, nalamulidwa kuchoka m'dziko. Iye sanadzole utoto, pakuti anapeza njira yotsika mtengo: anabwereka nkhope zenizeni za ana athu kuti zichite ntchito imene mwaye wa Rice unkachita. Amene anakwiya ndi nkhani imeneyi, ndipo tonse tinakwiya, wamvetsa kale chifukwa chake achinyamata akuda aja anatsutsa chovala cha Pyke chija. Ndipo eni mizinda ayenera kulingalira mofatsa za anyamata amene amajambula zilombo ndi kuzitaya pa Facebook ndi pa TikTok, chifukwa Simoni wochotsedwa pabwalo lake, wosiyanitsidwa ndi nyimbo ya amayi, amasanduka chinthu china chimene makolo sanachifune.

Tsono mphunzitsi wa kwa Zulu amene akukonzekera sewero la pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, achite chiyani ndi William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, amene anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915? Kumupaka mwana ufa si tchimo lofanana ndi la Jim Crow, ndipo sindidzanamizira kuti n'lofanana. Koma ndi ulesi, ndipo kumasokeretsa phunziro, pakuti ana amaseka ufawo naiwala thangata. Chimene chinapangitsa Livingstone kukhala chimene anali sichinali khungu lake. Joseph Booth, amene anatsegula maso a Chilembwe, anali ndi khungu lomwelo. Chinali chikoti, buku lolembamo masiku a ntchito yosalipidwa, kutentha matchalitchi a anthu a Chilembwe pa malo a esiteti, ndi kukana kuti munthu wakuda aime pamaso pake atavala chipewa. Mwanayo apatsidwe chisoti cha atsamunda, nsapato zazitali, buku ndi chikoti, aphunzitsidwe kuyang'ana anzake ngati sakuwaona, ndipo khamu lidzamuzindikira asanatsegule pakamwa; ndiponso ena mwa oonera adzakumbukira mabwana a nkhope zakuda amene amachita zomwezo lero kwa alimi a matenanti m'minda ya fodya ya m'boma lino, chimene ufa ukadabisa.

Chimodzimodzinso ndi Satana wa pa Khirisimasi. Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, anachenjeza kuti woipayo amadza ndi maonekedwe a mngelo wa kuunika, ndipo m'chipululu woipayo sanayese Ambuye ndi nkhope yoopsa, koma ndi mkate, ulemerero ndi maufumu. Wosewera malo ake avale suti yabwino koposa imene ingabwerekedwe m'mudzi, alankhule mokoma, agwire chikwama cha ndalama; ndipo malo a Gabrieli apatsidwe kwa mwana amene ali ndi mawu omveka kufika kumbuyo kwa tchalitchi, akhale wakuda, wofiirira kapena wachialubino. Akulu a mpingo ndi aphunzitsi aakulu angathe kugwirizana zimenezi pa msonkhano umodzi wokha, mwezi wa Novembala usanathe, ana asanayambe kuloweza mawu awo.